Katchunidwe ka TV ya HD: zoyenera kusintha kuti zithunzi zioneke bwino

Mawailesi akanema opyapyala alanda malo a aja akale a chimsana m'makomo ambiri a m'mizinda ya Lilongwe, Blantyre, Mzuzu ndi Zomba. Komabe si onse ogula TV ya HD amene amakhutira nayo akafika nayo kunyumba. Ena amapeza kuti owerenga nkhani akuoneka afupi ndi onenepa, udzu wa m'bwalo la mpira ukuthobwa m'maso, ndipo filimu ikafika pa zochitika za usiku sikirini yonse imangoti bii. Zikatere ambiri amaganiza kuti agulitsidwa katundu wachinyengo, pamene kawirikawiri vuto limakhala chingwe cholumikizira dikoda kapena mmene TV anaitchunira ku fakitale.

Kukonza zimenezi sikulira ndalama. Ndi ntchito ya rimoti yokha, ndipo munthu wodekha amaimaliza mu ola limodzi. Phindu lake ndi chithunzi chofanana ndi chimene ojambula anafuna, maso osatopa msanga, komanso mayunitsi a magetsi okhalitsako.

HD n'chiyani?

Chithunzi cha pa TV chimapangidwa ndi timadontho ting'onoting'ono ta kuwala totchedwa mapikiseli. Pamene Television Malawi inkayamba kuulutsa mu 1999, inkagwiritsa ntchito njira ya analogi yotchedwa PAL, ya mizere 625, mwa imene mizere 576 ndiyo inkanyamula chithunzi. Chithunzi cha msinkhu umenewu, chomwe lero chimatchedwa SD, pa makina a dijito chimakhala ndi timadontho 720 chopingasa ndi 576 chotsika. Tonse pamodzi timakwana 414,720.

HD ili pawiri. Yotchedwa 720p ili ndi timadontho 1,280 chopingasa ndi 720 chotsika, pamene Full HD ili ndi 1,920 ndi 1,080, kutanthauza timadontho 2,073,600, kasanu kuchuluka kwa ta SD. Ya 4K, kapena kuti Ultra HD, ili ndi 3,840 ndi 2,160, zomwe ndi timadontho 8,294,400. Ma TV ambiri a mainchesi 32 olembedwa HD Ready ali ndi 1,366 ndi 768 basi, ngakhale amatha kulandira chithunzi cha 1080 n'kuchichepetsa. Chilembo cha p chimasonyeza kuti mizere yonse ya chithunzi imabwera nthawi imodzi, pamene i wa mu 1080i amasonyeza kuti imabwera theka ndi theka, molumphitsa mzere umodzi umodzi.

Masamuwa ndi amene amafotokoza chifukwa chimene matchanelo ena amaonekera oipa pa TV yatsopano kusiyana ndi pa yakale. TV ya 4K ikalandira chithunzi cha SD imachitambasula kuti chidzaze sikirini, moti kadontho kamodzi kamayenera kuphimba malo a timadontho 20. TV imachita kuyerekeza zimene zikusowazo, ndipo sikirini ikakhala yaikulu chimbuuzi chimaonekeranso kwambiri.

Dijito ndi HD si chinthu chimodzi. Mgwirizano wa ku Geneva wa mu 2006, pansi pa bungwe la International Telecommunication Union, unaika 17 June 2015 kukhala tsiku loti mayiko a ku Africa ndi ku Ulaya akhale atasiya analogi. M'dziko muno kusinthaku kunabweretsa madikoda monga a Kiliye Kiliye, a kampani ya Malawi Digital Broadcast Network Limited. Koma tchanelo imatha kuulutsidwa pa dijito chithunzi chake chili cha SD, ndipo palibe batani la pa rimoti limene lingachisandutse HD.

Chingwe ndi dikoda

Munthu asanakhudze menyu ya TV, ayambe wayang'ana kumbuyo kwake. Chingwe chakale cha mitu itatu, wachikasu, woyera ndi wofiira, chimanyamula chithunzi cha SD chokha. Mutu wachikasu ndi wa chithunzi, ina iwiriyo ndi ya mawu. Amene wachotsa chingwe chimenechi pa TV yakale n'kuchilowetsa pa yatsopano akuonerabe SD, ngakhale dikoda ndi TV zonse zikhale za HD. Chingwe chozungulira chochoka pa dikoda kupita polowera eliyo ndiye chimapereka chithunzi chotsikirapo kuposa apa.

Chofunika ndi chingwe cha HDMI, chimene chimanyamula chithunzi ndi mawu pamodzi mwa dijito. Chingwe cha HDMI chodula kwambiri sichiwonjezera kukongola kwa mitundu. Chikakhala chabwino chimafikitsa zonse, chikakhala choonongeka chithunzi chimathwanima timadontho toyera kapena kuzimazima. Pa 4K ya HDR pokha m'pamene pamafunika cholembedwa Premium High Speed kapena choposa apo. Dikoda imene ilibe polowetsa HDMI, monga zambiri zakale, ndi ya SD ndipo yofunika kusintha ngati mwini wake akufuna HD.

Dikoda nayo ili ndi menyu yakeyake. Pa gawo la Display kapena TV Settings pamakhala posankha msinkhu wa chithunzi chimene ikutumiza. Ikasiyidwa pa 576, TV ilandira SD ngakhale pa chingwe cha HDMI. Poyenera ndi pa 1080i kapena 1080p. Ma TV ambiri amalemba pakona ya sikirini msinkhu umene akulandira munthu akadina batani la Info kapena akangosintha gwero la chithunzi.

Nkhope zotambasuka ndi mawu odulidwa

Ma TV akale anali ndi sikirini ya muyezo wa 4:3, pamene a HD ndi a 16:9, otambalala chopingasa. Dikoda ikauzidwa kuti TV ndi ya 4:3 pamene ndi ya 16:9, kapena TV ikakokera chithunzi chakale kuti chidzaze mbali zonse, anthu amaoneka afupi ndi onenepa, ndipo bwalo la pakati pa galaundi ya mpira limakhala ngati dzira. Mankhwala ake ndi kusankha 16:9 pa dikoda, kenako pa TV kusankha 16:9 kapena Original pa gawo la Picture Size kapena Aspect Ratio.

Mizere yakuda si chizindikiro cha vuto. Pulogalamu yakale ya 4:3 imayenera kukhala ndi mizere yakuda kumanzere ndi kumanja. Mafilimu ambiri a ku Hollywood amajambulidwa motambalala kuposa 16:9, pa muyezo wa 2.39:1, choncho amasiya mizere pamwamba ndi pansi. Kudina Zoom pofuna kuchotsa mizereyi kumadula mbali za chithunzi, ndipo nthawi zina mawu omasulira olembedwa pansi amapita nawo.

Palinso chizolowezi china chochokera ku nthawi ya ma TV a chimsana, chotchedwa overscan. TV imakuza chithunzi pang'ono n'kubisa m'mphepete mwake, chifukwa kale m'mphepetemo munkakhala zosalongosoka. Pa HD zimenezi zimangodula zigoli za mpira zolembedwa pakona ndi mawu oyenda m'munsi pa nthawi ya nkhani, komanso zimachepetsa kuthwa kwa chithunzi. Kuti chithunzi chonse chioneke, pa LG pamayatsidwa Just Scan, pa Samsung Fit to Screen kapena Screen Fit, pa Sony Full Pixel.

Picture Mode: chosankha chachikulu pa zonse

TV ikayatsidwa koyamba imafunsa ngati ili pakhomo kapena m'sitolo. Yankho loyenera ndi Home. Ikaikidwa pa Store, Retail kapena Demo imawala mopitirira, imaonetsa zotsatsa malonda pa sikirini, ndipo pakapita kanthawi imafufuta yokha zonse zimene mwini wake wasintha. Amene wagula TV yomwe inali pachionetsero m'sitolo ayenera kuyamba ndi kufufuza pamenepa.

Kenako pamabwera Picture Mode. Dynamic kapena Vivid anaikonzera m'sitolo, momwe TV imapikisana ndi magetsi owala komanso ma TV ena khumi oyandikana nayo. Imakweza kuwala mpaka pamapeto, imathira mitundu mopyola muyezo ndipo zoyera imazipatsa kabuluu. Poyamba imakopa maso, koma ndi chikomekome cha mkuyu: m'chipinda chochezera, makamaka usiku, imatopetsa maso ndipo imabisa zambiri za m'chithunzi. Ya Sports nayo imachita chimodzimodzi ndi udzu.

Imene imayandikira kwambiri muyezo wa ojambula ndi Movie kapena Cinema. Pa ma TV ena imatchedwa Expert, Custom kapena Theatre. Atsopano ali ndi Filmmaker Mode, imene bungwe la UHD Alliance linalengeza mu August 2019 mothandizidwa ndi akatswiri a mafilimu monga Martin Scorsese ndi Christopher Nolan. Imeneyi imazimitsa nthawi imodzi zokometsera zambiri zimene TV imawonjezera payokha. Kusankha imodzi mwa izi kumakonza mbali yaikulu ya ntchito yonse. Ikaoneka yamdima masana, chofunika ndi kukweza kuwala kokha, osati kubwerera ku Vivid. Standard ndi ya pakatikati, ndipo imathandiza m'chipinda chowala kwambiri kapena m'malo oonetsera mpira momwe anthu ena amakhala patali.

Ma TV ambiri amasunga katchunidwe ka polowera paliponse paokha. Zimene zasinthidwa pa HDMI 1 sizifika zokha pa HDMI 2, pa USB kapena pa YouTube. Ena ali ndi posankha polembedwa Apply to All Inputs kapena All Sources, pamene ena amafuna kubwereza ntchitoyo paliponse.

Backlight, Brightness ndi Contrast

Mayina atatuwa ndi amene amasokoneza anthu ambiri, chifukwa onse amaoneka ngati akunena za kuwala.

Backlight ndi mphamvu ya nyale za kumbuyo kwa sikirini. TV yotchedwa LED ndi galasi la LCD limene silitulutsa kuwala palokha, koma limaunikiridwa ndi tinyale ta LED tomwe tili kumbuyo kapena m'mbali mwake. Kukweza kapena kutsitsa Backlight sikusintha mitundu, kumangowalitsa kapena kuziziritsa chithunzi chonse. Palibe nambala imodzi yoyenera aliyense: masana m'chipinda cha mazenera aakulu imafunika yokwera, usiku yotsika. Nyalezi ndi zimene zimadya gawo lalikulu la magetsi a TV, choncho amene amadalira sola, batire ndi inveta amapindula kwambiri akazitsitsa. Kuzisiya pamapeto tsiku ndi tsiku kumazitenthetsa ndi kufupikitsa moyo wake, ndipo zikapsa TV imangomveka mawu popanda chithunzi. Pa TV ya OLED kadontho kalikonse kamadziunikira kokha, ndipo posinthira pake pamatchedwa OLED Light kapena OLED Pixel Brightness.

Brightness, ngakhale dzina lake limanena za kuwala, pa ma TV ambiri imasintha kuda kwa zinthu zakuda. Ikakwera kwambiri, zakuda zimatuwa ngati pa sikirini pali fumbi. Ikatsika kwambiri, zonse za mumthunzi zimamira mu mdima umodzi. Vutoli limaonekera msanga pa nkhope za anthu akhungu lakuda, zimene zimasowa maonekedwe ake pamene malo ojambulirawo sanaunikidwe bwino. Njira yoyesera ndi kuimitsa filimu pamene pali munthu wovala suti yakuda, kukweza Brightness mpaka mizere yakuda ya pamwamba ndi pansi ituwe, kenako kutsitsa pang'onopang'ono mpaka mizereyo ide, koma kolala, matumba ndi mabatani a jekete zikuonekabe. Kawirikawiri malo oyenera amakhala pafupi ndi pamene fakitale inaika pa Movie. Pa ma TV atsopano a Samsung ndi Sony mayinawa anasintha: Brightness ndiyo nyale za kumbuyo, ndipo kuda kumasinthidwa pa Shadow Detail kapena Black Level.

Contrast imasintha kuyera kwa zinthu zoyera. Ikapyola muyezo, diresi la mkwatibwi limangokhala chibanthu choyera chopanda mapindo ndi zokongoletsa zake, ndipo mitambo imasowa maonekedwe. Ikatsika kwambiri, chithunzi chimafooka. Woyesa aimitse chithunzi chokhala ndi nsalu yoyera kapena mitambo, akweze mpaka mapindo ayambe kusowa, kenako abwerere pang'ono. Akamaliza ayang'anenso Brightness, popeza ziwirizi zimakokana.

Sharpness, Colour ndi kutentha kwa mitundu

Sharpness siwonjezera chilichonse chimene kamera sinajambule. Chimene imachita ndi kulemba kamzere koyera m'mphepete mwa zinthu kuti ziziooneka ngati zakuthwa. Ikakwera, osewera mpira amakhala ngati azunguliridwa ndi ulusi wowala, khungu limaoneka lokakala, ndipo zolakwika za tchanelo ya SD zimaonekera kwambiri. Pa ma TV ambiri malo oyenera ndi pa 0 kapena pafupi napo, koma pa ena, monga ambiri a Sony, pakati pa muyezo ndi pamene palibe chowonjezera, ndipo kutsika kupitirira apo kumabweretsa chimbuuzi. Poyesera pabwino ndi zilembo zakuda pa malo otuwa: Sharpness itsitsidwe mpaka kamzere koyera kozungulira zilembozo kathe.

Colour ndi kuchuluka kwa utoto. Pa Movie kapena Cinema fakitale imakhala itaika kale pafupi ndi poyenera. Ikapyola, jezi yofiira ngati ya Flames imaoneka ngati utoto wake ukusefukira kunja, nambala ndi makwinya ake osaoneka bwino, ndipo nkhope zimafiira ngati munthu wapsa ndi dzuwa. Tint kapena Hue imakankhira mitundu ku chobiriwira kapena chofiira. Inali yofunika pa njira ya ku America ya NTSC, imene mitundu yake inkasochera, koma pa HDMI ilibe ntchito ndipo iyenera kukhala pakati.

Colour Temperature kapena Colour Tone imasankha mtundu wa kuyera. Muyezo wa HD wotchedwa BT.709, umene unavomerezedwa mu 1990, umati kuyera koyenera ndi D65, pafupifupi ma Kelvin 6,500, kofanana ndi kuwala kwa masana. Mapulogalamu ndi mafilimu amakonzedwa pa masikirini otchunidwa pa muyezo umenewu. Pa ma TV ambiri choyandikira D65 ndi Warm, Warm 1 kapena Warm 2, pamene Cool imathira buluu pa chilichonse. Maso amene azolowera Cool amaona Warm ngati yachikasu pa tsiku loyamba. Kuona maso a nkhono n'kudekha: pakapita masiku awiri kapena atatu maso amazolowera, ndipo wobwerera ku Cool amadabwa ndi kuchuluka kwa buluu.

Kuyenda kwa zithunzi

Mafilimu amajambulidwa pa zithunzi 24 pa sekondi, pamene mapulogalamu a TV m'mayiko amene ankagwiritsa ntchito PAL amayenda pa 25 kapena 50. Ma TV ambiri amakono amapeka zithunzi zawozawo n'kuzilowetsa pakati pa zenizenizo kuti kuyenda kukhale kosalala. Kampani iliyonse ili ndi dzina lake: Auto Motion Plus kapena Picture Clarity pa Samsung, TruMotion pa LG, Motionflow pa Sony, Ultra Smooth Motion pa Hisense, ndi Intelligent Frame Creation pa Panasonic.

Zotsatira zake n'zakuti filimu ya ndalama zambiri imaoneka ngati vidiyo yojambulidwa paukwati. TV ikalephera kuyerekeza bwino, chinthu chothamanga chimazunguliridwa ndi zonjenjemera, ndipo mpira wokankhidwa mwamphamvu umatha kuoneka pawiri kapena kuthwanima. Mu December 2018 katswiri wa mafilimu Tom Cruise ndi mkonzi Christopher McQuarrie anatulutsa uthenga wa vidiyo wopempha anthu kuti azizimitsa chipangizochi poonera mafilimu. Pa mafilimu ndi bwino kuchizimitsa kapena kuchiika pa mlingo wotsika kwambiri. Pa mpira ena amachikonda chili pang'ono, ndipo apa aliyense amatsata maso ake.

Osewera magemu pa PlayStation, Xbox kapena kompyuta ali ndi vuto lina. Zokometsera zonsezi zimatenga nthawi, choncho pamakhala kuchedwa pakati pa kudina batani ndi kuona zotsatira pa sikirini. Game Mode imadumpha zambiri mwa izo kuti kuchedwako kuchepe.

Zina zobisika mu Expert Settings

Dynamic Contrast, Contrast Enhancer, Black Tone, Live Colour ndi Dynamic Colour zimasintha chithunzi chilichonse mwa nzeru za TV, ndipo kawirikawiri zimameza za mumthunzi ndi kukokomeza mitundu. Ndi bwino kuzizimitsa. Noise Reduction, MPEG Noise Reduction kapena Digital Clean View zimathandiza pa tchanelo ya SD yokhala ndi timabokosi ndi zothothoka, koma pa chithunzi chabwino cha HD zimafufuta tsitsi ndi makwinya mpaka nkhope kusalala ngati ya chidole. Local Dimming, pa TV imene ili nayo, ndi yosiyana ndi zimenezi: imazimitsa nyale za kumbuyo kwa malo akuda okha, ndipo imayenera kukhala yoyatsa.

Eco Mode, Energy Saving ndi Ambient Light Detection zimatsitsa kuwala pofuna kusunga magetsi, zina potsata kuwala kwa m'chipinda. Chithunzi chikamawala ndi kuda chokha popanda chifukwa, gwero lake limakhala pamenepa. Wofuna chithunzi chokhazikika azizimitse pa nthawi yotchuna, kenako atsitse yekha Backlight kufika pamene pamukwanira.

Gamma imasintha kuwala kwa zinthu za pakati pa zakuda ndi zoyera. Ya 2.2 imayenera chipinda chowala, pamene 2.4 kapena BT.1886 ndi ya chipinda chamdima. Palinso HDMI Black Level, imene ena amaitcha Video Range kapena RGB Range. Madikoda amawerenga kuda ndi kuyera kuyambira pa 16 kufika pa 235, pamene makompyuta amayambira pa 0 kufika pa 255. TV ndi chipangizo cholumikizidwacho zikasemphana, chithunzi chimatuwa chonse kapena kuda mopitirira. Auto imathetsa vutoli nthawi zambiri, ndipo ikalephera dikoda imafuna Limited kapena Low.

White Balance ndi Colour Management System zimafuna chida choyezera kuwala, ndipo kuzisintha ndi maso okha kumaononga kuposa kukonza. Kukopera manambala a munthu wina pa intaneti sikuthandizanso pamenepa, chifukwa ma TV awiri a mtundu umodzi amasiyana pang'ono. Menyu yobisika ya amisiri, yotchedwa Service Menu, ndi yoopsa kwa wosaidziwa: kulakwitsa kumodzi kungathe kusiya TV yosayaka. Zonse za mu menyu wamba zimabwerera mwakale ndi Reset Picture.

HDR ndi kuonera pa intaneti

HDR ndi njira imene imalola zowala kuwala kwambiri ndi mitundu kuchuluka, ndipo ili ndi mitundu monga HDR10, Dolby Vision ndi HLG, yomwe inapangidwa ndi BBC ya ku Britain pamodzi ndi NHK ya ku Japan. TV ikalandira HDR imalowa mu katchunidwe kena kapadera ndipo imakweza yokha Backlight ndi Contrast kufika pamapeto. Pamenepo ndi pamene ziyenera kukhala, ndipo chongofunika ndi kusankhanso Movie, Cinema kapena Filmmaker Mode. Kuti HDR idutse pa HDMI, ma TV ena amafuna kuyatsa Input Signal Plus kapena HDMI UHD Color pa Samsung, HDMI Ultra HD Deep Colour pa LG, kapena Enhanced Format pa Sony. Ma TV otsika mtengo ambiri amalandira HDR koma nyale zawo n'zofooka, moti chithunzi chimatha kuoneka chamdima kuposa cha HD wamba.

Poonera pa intaneti, liwiro la netiweki ndilo limalamula. Netflix imalangiza ma megabit 3 pa sekondi pa 720p, 5 pa 1080p ndi 15 pa 4K, ndipo imati ola limodzi la HD lingathe kudya mpaka 3GB, la 4K mpaka 7GB. Netiweki ikafooka, YouTube ndi Netflix zimatsitsa zokha msinkhu wa chithunzi, ndipo kutchuna TV sikungabwezeretse zimene sizinafike. Pa YouTube msinkhu umasankhidwa pa Quality, ndipo wogula bandulo yochepa angasankhe 720p kuti isathe msanga.

Malo oika TV

TV yoyang'anizana ndi zenera kapena babu imasanduka kalilole, ndipo mwini wake amakakamizika kukweza kuwala. Zenera likhale chammbali kapena litchingidwe ndi katani. Pakati pa sikirini payenera kulingana ndi maso a munthu amene wakhala pampando. TV yokhomedwa pafupi ndi denga imapweteketsa khosi, ndipo masikirini ambiri a LCD amatuwa akamaonedwa chammunsi kapena chammbali. Usiku, kanyale kofooka kumbuyo kwa TV kamapumitsa maso kusiyana ndi kuonera mu mdima wa ndiweyani.

Mtunda nawo ndi wofunika. Muyezo wodziwika ndi kuchulukitsa kukula kwa sikirini ndi 1.6. TV ya mainchesi 32 imafuna pafupifupi mamita 1.3, ya mainchesi 43 mamita 1.7, ndipo ya mainchesi 55 mamita 2.2. Wokhala patali kwambiri kuposa apa saona kusiyana kwenikweni pakati pa Full HD ndi 4K. Mbali inayi, banja limene limaonera kwambiri matchanelo a SD limapeza bwino likakhala chapatali pang'ono, popeza chimbuuzi chimabisika.

Zimene kutchuna sikungakonze

Chithunzi chikamasweka timabokosi, kuima kapena kusowa mvula ikamagwa, vuto ndi siginolo. Mvula yamphamvu imafooketsa mafunde ochokera ku setilaiti, ndipo dishi yosuntha, chingwe cholowa madzi kapena eliyo yoloza kolakwika zimakulitsa vutolo. Menyu ya dikoda imaonetsa Signal Strength ndi Signal Quality, ndipo yachiwiriyi ndi imene imanena zambiri.

Mizere yosasuntha, mbali imodzi ya sikirini yakuda, kapena kadontho kamene sikasintha mtundu ndi zizindikiro za kuonongeka kwa TV yeniyeniyo. Wogula asunge lisiti ndi chikalata cha chitsimikizo, ndipo ndi nzeru kuyesa TV m'sitolo momwemo ndi fulashi yokhala ndi zithunzi za mtundu umodzi umodzi: choyera, chakuda, chofiira, chobiriwira ndi chabuluu. Pa ma TV ogwiritsidwapo kale ntchito ochokera kunja, chikwangwani cha kumbuyo chiwerengedwe kaye. Magetsi a m'dziko muno ndi a 230V pa 50Hz, pamene ku America ndi a 120V pa 60Hz ndipo ku Japan ndi a 100V. Ma TV ena a ku America salandira chithunzi cha 50Hz chochokera mu dikoda za kuno. Kachipangizo koteteza TV magetsi akabwera mwamphamvu atazima ndi kotsika mtengo poyerekeza ndi bodi yopsa.

Dongosolo lake

Kutchuna kumayenda bwino TV ikakhala itayaka kwa mphindi 20 kapena 30, m'kuwala kumene banja limaonera nthawi zambiri, pogwiritsa ntchito tchanelo kapena filimu ya HD yeniyeni. Choyamba ndi chingwe cha HDMI ndi dikoda pa 1080 ndi 16:9. Chachiwiri ndi Home, kenako Movie, Cinema kapena Filmmaker Mode. Zikatero pazimitsidwe overscan, zosalaza kuyenda kwa zithunzi ndi zokometsera zina, ndipo pomaliza pasinthidwe Backlight, Brightness, Contrast ndi Sharpness, chimodzi chimodzi. Amene amaonera masana ndi usiku womwe angatchune Standard kukhala ya masana ndi Movie ya usiku. Manambala omaliza ndi ofunika kuwalemba papepala kapena kuwajambula ndi foni, kuti mwana akaseweretsa rimoti ntchito yobwezeretsa ikhale ya mphindi zochepa.